Tsiku limene mabuleki ananditenthera pa Spreetshoogte

Ine kwathu ndi ku Dedza, ndipo msewu wa Khwekhwerere wotsikira ku Golomoti ndauyenda kuyambira ndili mwana, poyamba pa matola, kenako ndikuyendetsa ndekha. Ndiye alamu anga atandiuza kuti popita kuchipululu cha Namib tikatsikira pa Spreetshoogte, sindinafunse zambiri. Mumtima ndinkati mtsetse ndi mtsetse basi, munthu wokulira pamwamba pa chigwa angaopenso chiyani. Maganizo amenewo ndi amene anatsala pang'ono kutipweteka, ndipo ndikulemba izi poganizira anzathu ambiri amene tili kuno ku Namibia, ena ku Windhoek ena ku Walvis Bay, amene tsiku lina adzafuna kutenga banja kukaona milu ya mchenga ija timaiona pazithunzi.

Tinali atatu: ine, mayi akunyumba ndi alamu. Alamuwo kwawo ndi ku Chipata, anakwatira achemwali anga, anaphunzira za miyala ndipo akhala akugwira ntchito m'migodi ya kuno kwa zaka zambiri. Tinanyamuka ku Windhoek m'mawa kwambiri mwezi wa Julayi, kukuzizira kochita kuumitsa zala. Anthu ambiri akamva za Namibia amangoganiza za kutentha, koma Windhoek ili pamwamba ngati Dedza, pafupifupi mamita 1,700 kuchokera pamlingo wa nyanja, ndipo m'nyengo yachisanu usiku madzi amatha kuundana panja. Tinatenga msewu wa C26 wolowera kumwera chakumadzulo. Phula limatha mukangotuluka pang'ono m'tauni, kuchokera apo ndi fumbi ndi timiyala mpaka kukafika.

Tisanapite patali alamu anandiimitsa pamalo pomwe msewu unadula phiri. Anatola kachidutswa ka mwala kotuwa, kopyapyala ngati mbale yosweka, n'kukatembenuza padzuwa. Kankanyezimira. Anati amenewa anali matope apansi pa nyanja yakalekale, ndipo zaka pafupifupi 550 miliyoni zapitazo zigawo ziwiri za dziko, china cha ku Congo china cha ku Kalahari, zinagundana, nyanjayo n'kutsekeka, matopewo n'kupanikizika ndi kutenthedwa mpaka kusanduka mwala wamizeremizere umene azungu amautcha schist. Zitunda zonse za Khomas Hochland, zokwera ndi kutsika ngati mizere ya m'munda wa chimphona, ndi za mwala umenewu. Kunena zoona nthawi imeneyo sindinkamvetsera bwino. Maso anali pawotchi, mtima uli ku Sossusvlei, kumene kuli milu ya mchenga ija.

Chimene chinandigwira mtima koyamba ndi phiri la Gamsberg. Mukayenda maola angapo limaonekera kumadzulo, ndipo simungalisokoneze ndi lina: pamwamba pake ndi pathyathyathya ngati tebulo, ngati munthu analidula ndi mpeni. Kutalika kwake ndi mamita 2,347. Thunthu lake ndi mwala wa granite wa zaka zoposa 1 biliyoni, koma pamwamba lavala chipewa cha mwala wina wolimba kwambiri, chochindikala mamita pafupifupi 30 okha. Chipewacho poyamba chinali mchenga wa chipululu china chakale, cha zaka pafupifupi 200 miliyoni zapitazo, umene unagwirana n'kuuma mpaka kulimba ngati nsangalabwi.

"Alamu, phiri ili silinamere ayi," anatero. "Dziko lonse kuno linali pamwamba pomwe mukuona paja. Kwina konseku kunadyeka ndi madzi ndi mphepo. Ilo linatsala chifukwa cha chipewa chakecho."

Ndinayang'ana pamwamba pa phirilo, n'kuyang'ananso pomwe tinaima, ndipo ndinayesa kuganiza kuchuluka kwa dothi ndi miyala imene inachoka pakati pa malo awiriwa. Mutu unakana. Chapafupi pomwepo pali makina akuluakulu oonera zakumwamba otchedwa H.E.S.S., anawaika kumeneko chifukwa mitambo ndi yosowa ndipo usiku kulibe kuwala kwa m'tauni.

Titapatuka pa C26 tinalowera ku Nauchas, kenako msewu wa D1275. Kuno miyala inasintha, panayamba kuoneka matanthwe ofiirira obulungira, osanjikizana ngati a ku Chongoni kwathu, kungoti opanda mitengo yowabisa. Palibe chimene chimakuchenjezani kuti dziko latsala pang'ono kutha. Mumangoyenda m'mafamu a ng'ombe ndi nkhosa, udzu wouma, mipanda ya waya. Kenako mumakhota kamodzi, n'kupeza kutsogolo kulibe kanthu.

Pamwamba pa Spreetshoogte pali malo oimikapo galimoto. Tinatsika, ndipo kwa kanthawi palibe anayankhula. Pansi pa mapazi athu dziko linagwa pafupifupi kilomita yathunthu, ndipo kuchokera patsinde mpaka kumene maso amalekezera kunali chidikha chachikasu, chopanda mudzi, chopanda munda, chopanda utsi ngakhale umodzi. Apa ndi apo mapiri akuda ataima okhaokha ngati zilumba za m'nyanja. Mitsinje youma inkaoneka ngati mitsempha ya padzanja la nkhalamba, ndipo mumaidziwa chifukwa cha kamzere ka mitengo kotsata m'mbali mwake. Kutali kwenikweni kunali kamzere kofiirira, alamu anati kumeneko ndiye kumayambira milu ya mchenga. Ukaima pamwamba pa Khwekhwerere umaona nyanja, minda, malata akunyezimira, umamva tambala kapena wailesi kuchokera m'munsi. Apa kunali zii. Mayi akunyumba anangoti, "Abambo, kodi kumeneko kumakhala anthu?"

Ndinafunsa alamu ngati phompho limeneli linapangika mofanana ndi lathu. Anati ayi, ndipo kusiyana kwake ndi kumene ndakhala ndikukuganizira mpaka lero. Kwathu dziko linang'ambika, chigawo chapakati n'kutitimira, madzi n'kudzaza, ndiye nyanja ya Malawi ndi chigwa cha Shire. Ntchito imeneyo ikupitirirabe, n'chifukwa chake kunachitika chivomezi ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009. La ku Namibia ndi lakale kwambiri. Africa ndi South America linali dziko limodzi, mbali ya Gondwana, ndipo zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo zinayamba kupatukana, nyanja ya Atlantic n'kulowa pakati. Umboni wake ulipo: miyala ya chiphalaphala ya ku Etendeka, kumpoto chakumadzulo kwa Namibia, ndi yofanana ndi ya ku Paraná ku Brazil, inatuluka nthawi imodzi pamalo amodzi. Pong'ambikapo m'mphepete mwa Africa munatukuka, mitsinje yaifupi yothamangira kunyanja yatsopanoyo n'kuyamba kudya khomalo. Monga momwe khwawa la m'munda limadyera chobwerera m'mbuyo chaka ndi chaka, phompholi lakhala likubwerera kumtunda, moti lero lili pa mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera kugombe. Chidikha chonse tinkachiona chija ndi malo amene phompho linadutsamo pothawa, ndipo mapiri oima okha aja ndi miyala yolimba imene inakana kudyeka. Khoma limeneli silithera ku Namibia. Limazungulira kumwera konse kwa Africa, kuchokera ku Angola, kudutsa ku Karoo mpaka ku Drakensberg.

Kwathu zinthu ngati izi sitiziona chifukwa dziko linavala. Pali dothi, udzu, mitengo ya tsamba ndi mombo, chimanga. Kuno dziko lili maliseche. Mzere uliwonse wa mwala, pomwe unapindika, pomwe mwala wakuda unalowerera mu woyera, zonse zili poyera, ndipo ngakhale munthu wosaphunzira za miyala ngati ine amatha kutsata mzere umodzi ndi chala kuchokera phiri ili kufika phiri linalo.

Tsono nkhani ya msewu. Spreetshoogte ndi mtsetse wotsetsereka kuposa yonse m'Namibia. Umatsika pafupifupi mamita 1,000 pa mtunda wa makilomita ochepa okha, ndipo malo ena mukayenda mamita anayi ndi theka mwatsika mita imodzi. Anauyamba ndi mlimi wina, Nicolaas Spreeth, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Famu yake inali patsinde, katundu wake ankamutsitsira pamwamba, ndipo m'malo mozungulira kutali iye anatsata tinjira ta mbidzi n'kumatilimbitsa ndi miyala, ntchito yambiri akugwira ndi manja ake. Masiku ano malo otsetsereka kwambiri anayalamo njerwa za simenti kuti matayala azigwira, koma malole ndi galimoto zokoka ngolo n'zoletsedwa, ndipo zikwangwani zimanena zimenezo musanafike.

Galimoto yanga ndi ya otomatiki. Tisanayambe kutsika alamu anati, "Alamu, ikani mu L." L ndi giya yotsika, imene injini imathandiza kugwira galimoto. Ndinayankha kuti ndamva, koma ndinaisiya mu D, giya yoyendera masiku onse, poganiza kuti ndikaona pakuvuta ndisintha. Pa Khwekhwerere pamakhala malo opumira pakati pa makona, mwendo umachoka pa buleki, ndipo ndinazolowera zimenezo. Apa mpata umenewo ndi wochepa. Mwendo unakhala pa buleki kuyambira pakona yoyamba. Tisanafike pakati ndinamva fungo ngati la chigubu chapulasitiki chikupsa. Pakona yotsatira ndinaponda, buleki inalowa pansi mofewa ngati ndaponda phala, galimoto n'kupitirira kuthamanga. Kumanzere kunali thanthwe, kumanja kunali phompho.

"Tsitsani giya! Pompani buleki, pompani!" anakuwa alamu.

Ndinakokera mu 2, kenako mu L, injini inalira kwambiri, galimoto n'kugwidwa pang'ono. Ndinapompa buleki kangapo, inabwerera pang'ono chabe, ndipo alamu anakoka handibuleki pang'onopang'ono chala chili pabatani. Mwa chisomo cha Mulungu patsogolo panali kamalo kosatsetsereka kwambiri, tinaima pamenepo. Mayi akunyumba sanakuwe. Nditacheuka ndinawapeza atagwira lamba ndi manja awiri, milomo ikuyenda.

Matayala akutsogolo ankatuluka utsi. Ine ndinathamangira chigubu cha madzi, alamu n'kundigwira dzanja. Anati chitsulo chotentha chotero ukachithira madzi chimapindika kapena kung'aluka, komanso madziwo ndi akumwa. Tinaika miyala kutsogolo kwa matayala, n'kumasula handibuleki kuti isamatirire, n'kukhala pansi kudikira. Chimene chimachitika n'chakuti mabuleki akatentha mopitirira, mafuta ake amawira, m'mapaipi mumadzaza mpweya, ndiye ukaponda umangofinya mpweyawo. Mafuta akakhala akale amawira msanga chifukwa amakhala atayamwa chinyontho. Anga ndinali ndisanasinthepo chigulireni galimotoyo.

Tinakhala pamenepo pafupifupi ola lathunthu. Foni inalibe netiweki, ndipo nthawi yonseyo panadutsa galimoto imodzi yokha. Woyendetsa anaima, n'kufunsa ngati tili ndi madzi okwanira, ndipo sanachoke mpaka atatsimikiza. Kuno ndi mwambo umenewo, ndipo nanunso mukapeza munthu waima m'njira zimenezi musamupitirire.

Mu ola limenelo ndi mmene ndinaliona phompholo bwinobwino, mtima utayamba kukhazikika. Pathanthwe la kutsidya panali mitengo yathunthu lonenepa, lotuwa, yopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Alamu anati ndi m'bale wake wa chamwamba chomwe timadya masamba ake kwathu, koma wa kuno amasunga madzi m'thunthu n'kuyoyola masamba nyengo yachilimwe. Chapamwamba tinaona zinkhoma ziwiri zitaima pansonga ya mwala mosatekeseka. Patsinde, kutali, panali mbidzi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, mbidzi za m'mapiri, zija zinamuonetsa Spreeth njira. Ndinaonanso kuti juzi imene ndinavala pamwamba paja inayamba kundilemera. Mpweya ukamatsika phiri umatentha, ndipo m'miyezi yachisanu kumakhala masiku amene mphepo ya kum'mawa imatsika phompholi ili yotentha ndi youma, n'kukafika ku Swakopmund ndi Walvis Bay itanyamula fumbi, anthu a kugombe n'kumva kutentha pakati pa Juni.

Makilomita otsalawo ndinatsika mu L, liwiro la munthu wothamanga pang'ono, ndikuponda buleki mwamphamvu kwa kanthawi n'kuisiyiratu, osati kuigwiragwira. Galimoto sinavutenso.

Ku Solitaire, kumene kuli malo othirira mafuta, sitolo ndi kophikira buledi, tinapuma n'kuonetsa galimoto. Musadutse pamenepa osadzaza thanki, ngakhale muone ngati mafuta alipo, chifukwa malo ogulitsa mafuta ndi otalikirana kwambiri. Ndalama ya Namibia ndi yofanana mphamvu ndi randi, ndipo randi amalandira, choncho amene mukuchokera ku Joni musavutike ndi kusintha. Kuchokera apo kukafika ku Sesriem, pomwe pali geti lolowera ku milu ya mchenga, ndi makilomita pafupifupi 80, mapiri a Naukluft ali kumanzere. Mapiri amenewa ndi a miyala ya laimu, ndipo alamu anati chigawo chonse chapamwamba chinachita kukankhidwa kuchokera kumpoto n'kutsetsereka pamwamba pa miyala ina, nthawi ya kugundana kuja. Ukayang'anitsitsa umaonadi mizere yapamwamba itapindikapindika pomwe yapansi yagona bwinobwino. Mkati mwake muli akasupe osaphwa, ndipo m'mapiri amenewa ndi mmene Hendrik Witbooi ndi anthu ake a mtundu wa Nama anamenyana ndi asilikali a Germany mu 1894.

Za milu ya mchenga sindinena zambiri, zithunzi zake zili ponseponse. Chimene sindinkadziwa ndi kumene mchengawo unachokera. Wambiri unabwera ndi mtsinje wa Orange kuchokera kumapiri a Lesotho ndi mkati mwa South Africa, n'kukathiridwa m'nyanja, mafunde n'kuukankhira kumpoto motsata gombe, mphepo n'kuubweza kumtunda. Kufiira kwake ndi dzimbiri lokuta kamchenga kalikonse. Nyanja ya kumeneko ndi yozizira chifukwa cha madzi a Benguela ochokera kumwera, ndiye siipanga mitambo ya mvula, imangopanga chifunga. Ku Swakopmund mvula ya chaka chonse kawirikawiri sifika mamilimita 25, imene ku Dedza imatha kugwa masana amodzi a Januwale. Akatswiri amati Namib yakhala youma kwa zaka zosachepera 55 miliyoni, ndipo mu 2013 UNESCO inaika dera la milu ya mchengali pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse.

Malo amene ndikupempha kuti musawadumphe ndi chigwembe cha Sesriem, pafupi ndi geti. Anthu ambiri amathamangira ku Dune 45 ndi Deadvlei, malo otchuka a m'milu ya mchenga, pobwerera atopa, n'kuchipitirira. Mtsinje wa Tsauchab unakumba pamenepo mamita pafupifupi 30 kupita pansi, ndipo mumatha kutsikamo wapansi. Makoma ake ndi miyala yobulungira yogwirana ngati konkire, mzere wa ikuluikulu, pamwamba pake wa ing'onoing'ono, kenako mchenga, kenako ikuluikulunso. Alamu anandiuza kuti ndigwire mwala umodzi waukulu ngati dzungu.

"Uwu unachokera kumapiri aja kum'mawa, alamu. Ganizirani madzi amene angagubuduze mwala wotere ulendo wonsewo."

Apo ndi pomwe zimene ananena pamwamba paja zinalowa m'mutu. Phiri lomwe ndinkafunsa kuti linapita kuti, mbali yake ndinali nditaigwira m'manja. Mzere wa miyala ikuluikulu ndi nyengo ya madzi osefukira, wa mchenga ndi nyengo ya chilala. Dzina loti Sesriem ndi la Chiafrikaans, limatanthauza zingwe zisanu ndi chimodzi zachikopa, zimene apaulendo akale ankalumikiza kuti ndowa ifike pamadzi pansi pa chigwembecho. Miyalayo ioneni, igwireni, koma isiyeni pomwepo, ndi m'malo otetezedwa.

Amene mukukonzekera ulendowu, yambani ndi galimoto sabata imodzi musananyamuke. Makanika aone mabuleki ndipo asinthe mafuta ake ngati papita zaka ziwiri. Tayala la sipeya likhale lopopa, jeke ndi sipanala muziyese muli pakhomo, ndipo ngati mungapeze tayala lachiwiri nyamulani, chifukwa timiyala ta m'misewu imeneyi ndi takuthwa. Madzi akumwa ife tinatenga malita asanu pa munthu pa tsiku, ndi chigubu china chapadera chosakhudza. Pamsewu wa timiyala musapitirire 80, ine ndinkayenda 60 kapena 70, chifukwa msewu umaoneka wosalala koma galimoto imaterereka ngati pamatope mukakhota mwadzidzidzi. Usiku musayende, nyama zimadumphira mumsewu. Uzani munthu wina njira imene mwatenga ndi nthawi imene mukuyembekeza kufika. Giya yotsika muiike mudakali pamwamba, galimoto itaima, osati mutayamba kale kutsetsereka. Ngati mwalema kwambiri, kapena mukukoka ngolo, kapena mtima ukukana, pali Remhoogte chakumwera, yotsika pang'onopang'ono. Mukhoza kukaima pamwamba pa Spreetshoogte, kuona, n'kubwerera kukatsikira kumeneko. Ndipo nyamukani m'mawa kuti pamwambapo mukakhale ola lathunthu. Ife tinangokhalapo mphindi makumi awiri chifukwa cha changu changa, ndipo zimandiwawabe.

Pobwerera tinadzera C14 kupita ku Walvis Bay, kudutsa chikwangwani cha Tropic of Capricorn ndi zigwembe za mtsinje wa Kuiseb, kumene akatswiri awiri a miyala a ku Germany, Henno Martin ndi Hermann Korn, anabisala zaka zoposa ziwiri pothawa kutsekeredwa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mtsinje wa Kuiseb umayenda masiku ochepa pachaka, zaka zina osafika n'kunyanja komwe, koma madzi ochepawo amakokolola mchenga wolowa m'khwawa mwake, moti milu yofiira imathera kutsidya la kumwera, kumpoto kwake n'kukhala chidikha cha timiyala. Madzulo a tsiku limenelo, tisanakhotere kugombe, mayi akunyumba anandipempha kuti ndiime. Kum'mawa khoma lonse linali litafiira ndi dzuwa lolowa, Gamsberg ili pamwamba pake ndi chipewa chake chija.

Mwezi wa Disembala tinapita kumudzi, ndipo tsiku lina tinatsika Khwekhwerere kukagula nsomba. Ndinaika giya yachiwiri tisanayambe kutsika. Chapakati ndinaima pomwe msewu unadula phiri, n'kupalasa udzu ndi dothi lonyowa ndi dzanja mpaka ndinafika pamwala. Unali wamizeremizere, woyera ndi wakuda, wopindika. Ndinaujambula n'kutumizira alamu pa WhatsApp. Ndili chiimire inadutsa minibasi yodzaza anthu ndi matumba a mbatata, ndipo fungo lija la mabuleki linatsala m'mbuyo mwake.